Ngodya ya Manja a Che Amidu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tayala lakuphwa. Ndinali nditamaliza Folomu 4, zotsatira zitatuluka, zabwino ndithu koma zosandifikitsa kulikonse. Ndinkakhala ndi amayi kwa Mwambo, m'mawa kusosa kumunda, masana kungokhala. Tsiku lina amalume anandituma ku Kachulu kukagula matemba, ndipo pobwerera tayala lakumbuyo linaphwa ndisanatuluke pamsika. Wokonza njinga akumata chubu, mayi wina amene ankadikira njinga yake anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Si inu mwana wa mayi aja otsogolera kwaya, amene mumaphunzira sekondale?"

Ndinavomera.

"Masamu mumawatha?"

"Pang'ono."

"Pang'onopo pakwana. Mubwere Lolemba."

Mayiwo anthu ankawatchula amake Esinati. Ankagula nsomba kwa asodzi, kuziyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Zomba. Amuna awo, a Gositino, anali atamira m'nyanja ya Chilwa chaka chapitacho, ndipo thupi lawo silinapezeke. Izi ndinazimva kwa wokonza njinga uja mayiwo atachoka. Iwo eni sanandiuze.

Ana anali awiri. Esinati anali mu Sitandade 8, wamtali, wosalankhula. Tereza, mng'ono wake, anali mu Sitandade 5, ndipo ankalankhulira onse awiri. Amayi awo anandipatsa ntchito ali chiimire, dengu lili pamutu.

"Wamkuluyu kale ankakhoza. Pano aphunzitsi akuti amangoyang'ana pawindo. Chaka chino ndi cha mayeso. Masamu a zojambulajambula aja akuti sakugwirako n'komwe. Muyambire pamenepo, Ticha."

Dzina lakuti Ticha linandimamatira kuyambira tsiku limenelo.

Tinkaphunzira pakhonde dzuwa likapendeka. Zida zathu zinali m'kabokosi kachitsulo kamene ana asukulu amati insitulumenti: lula, kampasi, maseti sikweya awiri, ndi pulotulakita, kapulasitiki kooneka ngati theka la mwezi, kolembedwa madigiri kuyambira 0 mpaka 180. Kabokosiko kanali kamodzi, ana awiri. Nsonga ya kampasi inali yopindika chifukwa Tereza ankazulira minga kuphazi.

Ndinayamba monga mmene anandiphunzitsira ineyo: kulemba tanthauzo, ana aloweze. Tereza analoweza mawu onse a m'buku osadziwa chimene akunena. Ndiye buku ndinaliika pambali. Ndinawaimika pakhomo n'kutsegula chitseko pang'ono. Ngodya, imene kusukulu amati engo, ndi mpata umene chitseko chatsegukira, osati kutalika kwa chitsekocho. Ukatsegula pang'ono, ngodya ndi yaing'ono, ukakankha, yakula. Kenako tinapinda pepala, n'kulipindanso mphepete ndi mphepete, ndipo panatuluka ngodya ya madigiri 90, raiti engo. Kapepala kopindako ana anayenda nako nyumba yonse: pawindo, patebulo, pamiyendo ya thandala. Tereza anapeza kuti khoma la khitchini ndi lopendekeka, ndipo anakanena kwa amayi ake ngati wagwira mbala.

Pulotulakita ili ndi malamulo atatu. Kadontho kapakati kakhale pamene mizere iwiri yakumana. Mzere wa ziro ugone pa mzere umodzi mwa iwiriyo. Powerenga uyambire pa ziro ameneyo, osati wa mbali inayo, chifukwa manambala anawalemba kawiri, ena opita kumanja, ena kumanzere. Ana ambiri amagwera pamenepa: ngodya ya 110 amaiwerenga 70. Mankhwala ake ndi kapepala kopinda kaja. Usanayeze, yamba wafunsa maso: ngodyayi ndi yotambalala kuposa kapepala, kapena ndi yopanikizika? Ikakhala yotambalala, yankho silingachepere 90.

Tinadulanso thirayango wa pepala, kung'amba nsonga zake zitatu, n'kuziika pamodzi. Zinadzaza mzere wowongoka, madigiri 180. Tereza anati ndi matsenga, ndipo anadula ena ambiri kuti andigwire bodza. Nditamuseka ndinanena mawu amene aphunzitsi onse amanena: "Masamu sanama. Funso lililonse lili ndi yankho limodzi." Esinati anadzutsa mutu. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

Chaka chimenecho nyanja inkathawa. Mvula inali itagwa yochepa, ndipo madzi, amene ku Chilwa sakhala akuya n'kale, anayamba kubwerera m'kati. Padoko mabwato anatsala atagona pamatope ouma. Mathandala anakhala opanda kanthu. Anthu anayamba kupita ku chilumba cha Chisi wapansi, ena panjinga, kudutsa pamene kale ankapalasa. Ukakhala pakhonde la amake Esinati unkaona chigwa chotuwa, chong'ambikang'ambika, ndipo dzuwa likatentha kutali kunkanyezimira ngati madzi. Esinati ankakhala mbali imene ankatha kuona kumeneko.

Tsiku lina anafunsa funso lake loyamba.

"Ticha, mizere ikatalika, ngodya imakula?"

"Ayi. Talikitsa mpaka ku Zomba, ngodya ndi yomweyo."

"Nanga zinthu ziwiri zikakhala chiimire, koma woyenda ndi ineyo?"

Funso limenelo silinali m'buku la Sitandade 8. Ndinasangalala nalo. Tinamanga zingwe ziwiri pa nsanamira ziwiri za thandala, iye n'kugwira nsonga zake pachifuwa. Akayandikira, zingwe zinkatambalala. Akabwerera m'mbuyo, zinkapanikizana. Akayenda cham'mbali, zinkasinthanso. Anayenda uku ndi uku mpaka Tereza anatopa n'kupita kukasewera.

"Ndiye munthu akadziwa ngodya, angadziwe pamene anaima?"

"Akadziwanso mzere umene anaimapo, inde."

Mawa lake anapempha kuti tipange pulotulakita yaikulu. Anati yaing'onoyo ndi ya papepala, iye akufuna ya panja. Tinadula katoni ya sopo, kuikhomera pa thabwa, n'kujambula theka la mwezi ndi chingwe ndi pensulo. Kapulasitiki kaja tinakaika pakati, n'kumatalikitsa mizere yake ndi lula mpaka kumphepete, digiri iliyonse payokha. Pakati tinakhoma msomali, n'kukolekapo masipoko awiri a njinga kuti akhale zolozera. Esinati anagwira ntchitoyo mosamala kwambiri kuposa mmene ndikanaigwirira ine. Ndinkaganiza kuti mwana wadzuka, ndipo ndinkadziyamikira mumtima.

Amene anandiuza zoona ndi Tereza, ali ndi mango kukamwa.

"Akufuna kukayeza manja a Che Amidu."

"Manja?"

"Eya. Che Amidu akamanena pamene anamira adadi amachita chonchi." Anatambasula manja, limodzi uku, lina uko.

Esinati sanakane. Anaika thabwalo pamiyendo n'kulankhula akuyang'ana masipoko.

"M'manda muja mulibe munthu, Ticha. Muli nthochi. Ndinawaona akudula kuseri kwa nyumba, n'kukulunga thunthu lake m'nsalu. Anthu ankalira nthochi. Amayi akati tiyeni tikasese kumanda, ine sindipita. Ndikasesere nthochi?"

Mwambowo ndinkaudziwa. Munthu akapanda kupezeka, amaika thunthu la nthochi m'malo mwake kuti maliro achitike, mudzi upume. Akulu zimawakwanira, kapena amachita ngati zawakwanira. Sindinaganizepo kuti mwana amaona.

Che Amidu anali msodzi wachikulire, Msilamu, amene ankapalasa bwato limodzi ndi a Gositino kwa zaka zambiri. Tsiku la ngoziyo iwo anapulumuka. Kuchokera pamenepo sanalowenso m'nyanja ngakhale madzi akadalipo. Ankangosoka maukonde a anzawo pansi pa mtengo. Tinawapeza pamenepo.

"Mwana wa mnzanga," anatero atamuona Esinati. Kenako anandiyang'ana ine. "Awa ndiye aphunzitsi aja? Ndevu zilibe n'komwe."

Esinati anawapempha kuti anenenso za tsiku la ngoziyo. Che Amidu anafotokoza pang'onopang'ono, singano ili m'manja. Msodzi akatchera ukonde sasiya chizindikiro pamadzi pokha, chifukwa mphepo imachisuntha. Amayang'ana kumtunda. Tsiku limenelo atatchera, iwo anayang'ana monga mwa masiku onse. Mkuyu waukulu wa padoko unali utaima pakati penipeni pa phiri la Mpyupyu. Dzanja lamanzere likaloza Mpyupyu, lamanja linkaloza nsonga ya phiri la pa Chisi. Masana mphepo inabwera asanachoke pamalopo, bwato linagubuduzika, iwo anagwira nsungwi yopalasira imene inali itazikika m'matope. A Gositino anakodwa mu ukonde. Anthu anasaka, koma mphepo inali itasokoneza zonse, ndipo matope a Chilwa sabweza msanga chimene atenga.

"Imani, agogo," anatero Esinati. "Chitani mmene munachitira."

Che Amidu anaika singano pansi, anaimirira, anatseka maso, n'kutambasula manja. Esinati anaika thabwa pachifuwa pawo, msomali pansi pa chibwano, sipoko imodzi kutsata dzanja lamanzere, ina lamanja. Anawerenga 112.

Ine ndinali nditamuphunzitsa kuti chinthu amachiyeza katatu. Che Amidu anatsitsa manja, n'kuwakwezanso. Ulendo wachiwiri zinatuluka 100. Wachitatu 106.

"Yolondola ndi iti, Ticha?"

"Sindingadziwe. Manja a munthu si masipoko. Ili pakati pa 100 ndi 112."

"Munati yankho ndi limodzi."

Che Amidu anali akadali chiimire, manja ali m'mwamba, maso ali chitsekere, kudikira kuti wina awauze kuti atsitse.

Madzulo amenewo ndinawadikira amake Esinati n'kuwauza zonse. Anamvetsera akupeta mpunga, osaleka.

"Ine ndinakuitanirani mayeso, osati maliro."

"Ndikudziwa, mayi. Koma apita, kaya ndi ife kaya yekha. Thabwa ali nalo."

Anapeta nthawi yaitali. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, "Nyanjayo yauma mpaka pati?"

"Sindikudziwa."

"Loweruka. Ndipita nawo. Koma mwana wanga akamira m'matope, inunso musabwerere."

Tinanyamuka m'mawa anthu anayi: Che Amidu ndi nsungwi yawo yaitali, amake Esinati ndi ndowa ya madzi akumwa, Esinati ndi thabwa lake, ndi ine. Tereza tinamusiya kwa achemwali a amayi ake akulira kuti nayenso amatha ma engo. Poyamba tinatsata njira ya njinga yopita ku Chisi, kenako tinapatukira kumanja, kumene kunalibe phazi la munthu.

Ntchito tinagawana chonchi. Che Amidu ankatsogola, n'kumacheuka kuti mkuyu usachoke pakati pa Mpyupyu; ukasunthira mbali imodzi, ankatibweza pamzere. Tikayenda ndithu tinkaima. Ndowa tinkaivundikira ndi mbale, thabwa n'kuliika pamwamba pake kuti ligone bwino. Esinati ankagwada, diso limodzi kutseka, sipoko imodzi kuloza Mpyupyu, ina nsonga ya Chisi. Ine ndinkaonanso pambuyo pake. Poyamba zinali cha m'ma 140. Tikamalowa m'kati, Chisi inkabwera cham'mbali mwathu, ndipo manambala ankatsika.

Munthu amene sanayendepo pansi pa nyanja sangadziwe bata lake. Dothi linali litang'ambika m'zidutswa ngati zigoba za fulu, ming'alu yolowa dzanja. Zigoba za nkhono zinkaphwanyika kuphazi. Apa chidutswa cha ukonde, apo mwala womangidwa chingwe, apo patapata mmodzi. Che Amidu ankatchula malo ngati akudutsa m'mudzi: apa ndi pamene ankagwira milamba, apa panali zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pa udzu. Kutsogolo kunkanyezimira madzi amene kunalibe, ndipo tikawayandikira ankathawa. Kangapo konse ndinadzipeza ndikuyang'ana m'mwamba, ndikuganiza kuti pamutu pangapa ndi pamene pankadutsa mabwato.

Dzuwa lili pamutu, Esinati anawerenga 112.

Tinaima. Panalibe chilichonse. Dothi long'ambika, nkhono, mphepo yotentha. Amake Esinati anatula ndowa n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wafika panyumba n'kupeza eni ake atasamuka.

"Pano ndi poyambira chabe," anatero Esinati. "Tiyeni."

Tinapitirira. Posakhalitsa dothi linasintha mtundu, linayamba kuda. Linkanyenyeka kuphazi ngati chikhokho cha mumphika, pansi pake pali pofewa. Pa 108 chidendene changa chinaboola. Che Amidu anabaya nsungwi patsogolo pawo, ndipo inalowa mosavuta mpaka anaigwira ndi manja awiri poizula.

"Basi, mwana wa mnzanga. Apa ndi pomaliza. Kutsogoloku kumameza ng'ombe."

Koma Esinati sankawamva. Patsogolo, pamatope akuda onyezimira pamene akakowa ankayendapo, panatulukira mphuno ya bwato, yoyang'ana kumwamba.

"Lija," anatero akuloza.

"Si lathu," anatero Che Amidu. "Lathu linapezeka, lili kwa mphwanga. Lija ndi la munthu wina."

"La ndani?"

"Kaya. Nyanja ino si ife tokha inatilanda."

Esinati ananyamula thabwa n'kuyamba kuyenda. Sanathamange. Anayenda monga ankayendera ndi zingwe paja pathandala, maso ali pa Chisi. Amayi ake anamuitana, ine ndinamuitana. Chikhokho chinamunyamula kanthawi chifukwa anali wopepuka. Kenako chinasweka. Analowa mpaka m'mawondo, ndipo poyesa kuzula mwendo umodzi winawo unalowa mpaka m'ntchafu. Thabwa analikweza pamutu ndi manja awiri kuti lisade.

Ndinagona chafufumimba n'kukwawa mpaka pamene dothi linayamba kugwedezeka pansi pa chifuwa changa. Che Amidu anandipatsira nsungwi, iwo n'kundigwira akakolo. Nsonga ya nsungwi inafika pamimba pa mwanayo.

"Gwira, Esinati."

"Ndagwira thabwa."

"Liponye."

"Sitinafike pa 106."

"Ngakhale tifike, 106 si yankho. Ndinakuuza."

"Ndiye yankho ndi chiyani?"

Matope anali atafika m'chiuno. Sankalira. Ankandiyang'ana monga mwana amayang'anira mphunzitsi, kudikira. Zonse zimene ndinaphunzira ku sekondale ndinazifufuza m'mutu nthawi imeneyo, ndipo panalibe chimene chikanamuchititsa kutsitsa manja.

Amake Esinati anabwera n'kugwada pambali pa miyendo yanga. Analankhula ndi mawu a tsiku lililonse, ngati akufunsa mtengo wa matemba.

"Esinati, tandiuza. Wayeza kuti ali kuyambira pati?"

"Kuyambira paja tinaima."

"Mpaka pati?"

"Mpaka kutsogolo uko. Pa handiredi."

"Ticha, n'kutali bwanji?"

Ndinayankha nkhope ili pafupi ndi matope. "Kupitirira bwato lija, mayi. Kutali ndithu."

"Ndiye dera lonseli." Anatembenukira kwa mwanayo. "Ukudziwa iwe, bambo ako anabwera kwathu ngati mkamwini. Munda umene ankalima ndi wanga. Nyumba ili pamalo a agogo ako. Ankati akadzapeza bwino adzagula kamunda kawokawo, amalume ako azidzawapempha mbewu. Sanagule. Lero wawayezera munda, waukulu kuposa wa amalume akowo. Ukufunanso uwapanikize pa kadontho kamodzi?"

Esinati anayang'ana m'mwamba, pathabwa lake. Amayi ake anapitiriza.

"Munda umafuna chizindikiro. Siya thabwalo pamenepo, anthu adziwe kuti pali mwini. Gwira nsungwi."

Anatsitsa manja pang'onopang'ono. Thabwalo sanaliponye. Analigoneka pamatope mosamala, n'kukonza masipoko, imodzi ku Mpyupyu, ina ku Chisi. Atatero ndiye anagwira nsungwi. Tinakoka tonse atatu, Che Amidu akumuuza kuti agone chamimba asalimbane ndi matope. Anatuluka wakuda mpaka m'chifuwa, nsapato zitatsala pansi. Amayi ake sanamukalipire, sanamukumbatirenso. Anatenga madzi akumwa aja n'kuyamba kumusambitsa miyendo.

Tisanabwerere, amake Esinati anang'amba kansalu kumphepete kwa chitenje. Esinati anatapa dothi pamene tinalipo, ndipo titafika pa 112 paja anatapanso lina, n'kumanga pamodzi. Che Amidu anatsalira m'mbuyo. Nditacheuka ndinawaona atatambasulanso manja, koma ulendo uno pafupi ndi chifuwa, zikhatho zili m'mwamba, monga amachitira popemphera. Sitinawafulumize.

Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, banjalo linapita kumanda ndi kansalu kaja. Ine sindinapite, sanali malo anga. Tereza anandiuza Lolemba kuti Esinati ndiye anathira dothilo pamanda paja, ndipo atatha anapempha tsache.

Tinapitiriza maphunziro. Amake Esinati sanatchulenso za tsikulo, kupatula kamodzi, akundipatsa kaphukusi ka matemba: "Tsopano mayeso, Ticha." Mwanayo analemba nthawi yake itakwana, ndipo anakhoza. Pano ndi mayi wa ana ake, amakhala kutali ndi kuno. Che Amidu anatisiya kalekale. Mvula inabwera, ndipo m'kupita kwa nthawi nyanja inabwerera pamalo pake ngati sinachokepo.

Ine ntchito imeneyi sindinaisiye. Ndimalima mpunga, koma masana ana amabwerabe pakhonde langa, ndipo makolo ena amandifunsa mmene angathandizire ana awo kunyumba. Ndimawauza za chitseko, za kapepala kopinda, za katoni ndi masipoko. Zimenezo n'zosavuta, aliyense angachite. Zimene ndinatenga pa tsiku lija ndi ziwiri. Mwana akayamba mwadzidzidzi kufunsa mafunso opitirira buku, ndimayamba ndamufunsa chimene akufuna kuyeza. Ndipo mawu aja akuti yankho ndi limodzi sindiwanenanso osawamaliza. Papepala ndi limodzi. Panja, chinthu ukachiyeza katatu chimakupatsa manambala atatu, ndipo mpata wa pakati pawo uyenera kuunena poyera, chifukwa kusiyana kumene pathabwa kuli ngati chala, kutali kumakhala munda. Mwana aziphunzire zimenezi pakhonde, asanakaziphunzire pamalo ena.

Pophunzitsa ngodya, aphunzitsi ambiri amauza ana kuti aimirire atambasule manja. Ndi njira yabwino, imagwira. Ine sinditha. Ndinayesa kamodzi, ndipo mwana atatseka maso manja ali m'mwamba ndinamuuza kuti akhale pansi, tigwiritse ntchito chitseko.

Ndikakwera boti kupita ku Chisi ndimakhala moyang'ana kumbuyo. Pamakhala kanthawi kochepa pamene mkuyu wa padoko umadutsa pakati pa Mpyupyu, ndipo ndimayang'ana kumanja kwa njira yathu, pamadzi otuwa opanda chizindikiro chilichonse. Ndikudziwa kuti katoni inasungunuka mvula yoyamba, thabwa mwina linayandama n'kukatsakamira m'bango. Ndikudziwa. Komabe chimene ndimaona pansi pa madziwo ndi masipoko awiri, ali chitambasulire, kudikira kuti wina awauze kuti atsitse.